Alovera, nimu kapena mapeyala: chimene chimandithandiza pa psoriasis

Anzanga amene muli ndi mamba oyera m'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu, tiyambe tamvana: psoriasis si chipere, si mphere, ndipo sapatsirana. Chitetezo cha m'thupi ndicho chimasokonekera, khungu n'kumakula m'masiku ochepa pamene likanatenga pafupifupi mwezi. N'chifukwa chake mankhwala a chipere sagwira.

Ine ndimakhala kufupi ndi Luchenza, ndipo chiperoni chikayamba mu Juni, zigongono zanga zimang'ambika ngati dambo la m'chilimwe. Zitsamba zitatu izi ndaziyesa zonse.

Alovera ndiye ndimamuika patsogolo. Amaziziritsa, kuyabwa kumachepa, mamba amafewa. Koma pali kachitidwe kake. Mukadula tsamba, liimikeni kaye kuti madzi achikasu aja atsike, chifukwa ndi amene amawawa pakhungu, ndipo mukamwa amatsegula m'mimba koopsa. Chofunika ndi chonanda choyera cha m'kati. Vuto lake, akauma khungu limakokana, ndiye payekha sakwanira. Ine ndimapaka ndikangosamba, akalowa ndimatsekera ndi mafuta.

Apa ndi pamene mapeyala amalowera. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje nyengo yake ikafika amachita kuwolera pansi, ndipo lakupsa kwambiri, limene pamsika wa Bvumbwe sangakugule, ndilo labwino kupaka. Silichotsa kufiira, koma limafewetsa mamba kuti achoke okha osakanda. Kunena chilungamo, Vaseline amagwira ntchito yomweyo ndipo sanunkha pakapita maola. Peyala langopambana pa mtengo basi.

Nimu ndi amene amatamandidwa kwambiri, ine ndi amene anandikhumudwitsa. Masamba ndinachita kuitanitsa ku Chikwawa kumene mitengo yake ili mbwee. Madzi owiritsira masambawo ndikasamba ankachepetsa kuyabwa m'mutu tsiku limenelo, koma khungu linkauma kuposa kale, pamalo ong'ambika n'kumaluma. Kumwa kokha ayi, makamaka mafuta ake, amene ndi oopsa kwa ana. Chikasu nachonso ndinapakako sabata imodzi, chimene chinasintha ndi mtundu wa zofunda zanga.

Tsono poyerekeza ndi za kuchipatala? Pamene zigamba zafiira n'kufalikira, palibe chitsamba chinafikapo pa mafuta amene anandilembera, a betamethasone ndi a salicylic acid. Amagwira msanga. Koma betamethasone ndi steroid, mtundu wa mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa ndi kufiira: ukapaka miyezi osapuma khungu limapyapyala, ukasiya mwadzidzidzi matenda amatha kubwerera mwaukali. Mafuta ambiri oyeretsa khungu a m'misika ali ndi mankhwala a mtundu womwewu, ndiye amene akuti "ndapeza ochiritsiratu" mufunseni chimene chalembedwa pa chubu.

Panopa alovera ndi mafuta ndi za tsiku lililonse, kuwonjezera kuothera dzuwa la m'mawa pang'ono, pamene a kuchipatala ndimapaka zikavuta, monga anandiuzira dokotala. Chilichonse chatsopano ndimayamba ndapaka pakamalo kakang'ono pamkono n'kudikira tsiku.

Ngati mfundo za zala zayamba kutupa, kapena zigamba zabuka thupi lonse mwadzidzidzi, siyani kaye zitsamba mupite kuchipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, mukayezetsenso magazi, poti HIV imakulitsa matendawa. Akaona kuti n'zazikulu amatumiza kwa madokotala a khungu ku Queens, ku Blantyre.