Sindikudwala, anandichepetsa chifu

Abale anga a ku Bembeke ndi nonse a kwathu ku Dedza, ndaganiza zolemba nkhani ya thupi langa chifukwa mafunso achuluka, ndipo ambiri sakubwera kwa ine, akupita kwa amayi. Ena akuti ku England kwandikana. Ena akuti bambo a kunyumba akundizunza. Ena akunong'onezana za matenda aja amene kwathu timathamangira kuganizira munthu akangowonda. Azakhali anafika pofunsa ngati pali amene ndinayambana naye ndisananyamuke. Zonsezi ayi. Ndinachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, ndinaipempha ndekha, ndipo kuwondaku ndi kumene ine ndi madokotala tinkafuna.

Ndikudziwa kuti kwathu zimenezi sizimveka. Munthu akanenepa timati zake zayera, mkazi akanenepa timayamikira mwamuna wake kuti akusamala. Inenso munkandiyamikira. Koma kunenepa kwanga kuno ku Leicester kunali matenda. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku, ndipo chothamangitsira tulo ndi tiyi wa shuga wambiri, buledi ndi mabisiketi. Nkhuku ndi yotchipa, chipisi chili pakona iliyonse, ndipo kulibe munda wa kachewere woti ukapalire kapena chitunda choti ukwere ndi ndowa pamutu. Mapeto ake ndinapezeka ndi matenda a shuga ndi BP, mawondo ankakana masitepe, ndipo usiku ndinkaliza mkonono mpaka kubanika.

Opaleshoniyi sachita kwa aliyense amene wanenepa. Amayamba awerengera BMI: kulemera kwako m'makilogalamu amakugawa ndi msinkhu wako m'mamita, kenako n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Munthu wamtali mamita 1.60 wolemera makilogalamu 105, BMI yake ndi 41. Ku chipatala cha boma kuno amaganizira za opaleshoni BMI ikafika 40, kapena 35 ngati palinso matenda monga shuga ndi BP. Kwa ife anthu akuda a ku Africa malirewa amatha kuwatsitsa ndi 2.5, chifukwa shuga amatigwira tisananenepe kufika pa azungu. Ngakhale ukwanitse zimenezi, umayamba wadutsa kwa katswiri wa kadyedwe ndi kwa wa zamaganizo, ndipo mzere wake ndi wautali.

Mitundu yodziwika kwambiri ndi iwiri. Pali imene amaitcha bypass, pomwe amasiya kathumba kakang'ono pamwamba pa chifu n'kukalumikiza ku matumbo, chakudya n'kumalambalala chifu chotsalacho. Yanga ndi inayo, ya sleeve. Amadula n'kuchotsa pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a chifu, chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi. Chimene achotsa chapita, sichibwezedwa. Mbali imene amachotsayo ndi imenenso imapanga kwambiri homoni yodzutsa njala yotchedwa ghrelin, ndiye kwa miyezi ingapo njala sindinkaimva n'komwe, ndinkadya poyang'ana wotchi. Sang'amba mimba yonse monga ambiri mukuganizira. Amaboola timabowo tingapo n'kulowetsa kamera ndi zipangizo. Kwa milungu iwiri opaleshoni isanachitike amakupatsa kadyedwe kochepa kwambiri, kopanda mafuta ndi shuga, kuti chiwindi chiphwe, chifukwa chiwindi chimakhala pamwamba pa chifu ndipo chikakhala chonenepa chimatchinga dokotala.

Za m'chipatala sindichulutsa. Amakudzutsa tsiku lomwelo kuti uyende, amakuveka masokosi othina ndi kukubaya jakisoni woletsa magazi kuundana m'mitsempha. Phewa linkandipweteka kuposa mabala, chifukwa cha mpweya umene amapopera m'mimba kuti aone bwino. Chimene anatsindika ponditulutsa ndi chakuti mtima ukayamba kugunda mothamanga, thupi kutentha, m'mimba kupweteka kowonjezereka kapena kupuma kuvuta, ndisadikire kuti kuche. Zimenezi zitha kutanthauza kuti pamene anasoka pakudontha, ndipo munthu atha kufa nazo.

Ntchito yeniyeni inayambira kunyumba, pa mbale. Milungu iwiri yoyamba ndi zamadzimadzi zokha: mkaka, msuzi wosefa, yogati wosungunula, ndi zakumwa zapadera zokhala ndi mapuloteni (zomanga thupi). Milungu iwiri yotsatira ndi zakudya zopera mpaka kusalala. Apa ndi pamene maphikidwe a kwathu anandipulumutsa. Anzanga achizungu ankagula timabotolo ta chakudya cha makanda, ine ndinkaphika chipere cha nyemba monga ankaphikira agogo, kuchotsa makoko onse n'kupota mpaka chisalale. Ndinkaphikanso phala la madzimadzi lothira nsinjiro ndi mkaka, kachewere wokanya, maungu ndi mapeyala. Masipuni atatu kapena anayi, basi ndakhuta. Kenako zinabwera zofewa monga mazira, nsomba yochotsa minga ndi nyama yogaya, ndipo chakudya cha masiku onse ndinachiyambiranso patadutsa pafupifupi miyezi iwiri.

Tsopano nsima. Katswiri wa kadyedwe sankaidziwa, ndinachita kumuonetsa pa foni, iye n'kuiika m'gulu limodzi ndi buledi, mpunga ndi pasta, zakudya zimene zimavutitsa anthu ambiri ochitidwa opaleshoniyi. Ankanena zoona. Nsima timaidya mofulumira, mbamu kuiviika mu msuzi n'kumeza osatafuna kwenikweni, ndipo m'chifu chopapatiza imakakhala pamodzi n'kutseka njira. Imakhala ngati yaima pachifuwa, malovu amadzaza m'kamwa, nthawi zina mpaka kubweza. Ine amene ndinkamaliza mitanda itatu, lero ndimaphika yofewa, kutema mbamu zing'onozing'ono ziwiri kapena zitatu, ndipo ndimazidya pomaliza.

Pomaliza, chifukwa dongosolo la mbale latembenuka. Kwathu nsima ndiye chakudya, ndiwo n'zongoperekezera, ndipo mwana wodya ndiwo zambiri timamudzudzula kuti ndi wankhuli. Ine lamulo langa ndi kuyamba ndiwo zomanga thupi, kenako masamba, nsima ikapeza malo. Ndimafunika magalamu osachepera 60 a mapuloteni pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka pafupifupi 8, ndiye werengerani nokha kuti ndi ntchito yotani kwa munthu amene amakhuta ndi dzira limodzi. Mapuloteni akachepa, thupi limadya minofu yake m'malo mwa mafuta okha, munthu n'kufooka. Usipa ndi matemba ndi chuma pa nkhani imeneyi, makamaka poti timadya ndi minga yomwe, imene imalimbitsa mafupa. Nkhwani wotendera, therere, bonongwe, nyemba, nyama ya soya ndi chambiko zonse zimandiyanja. Kanyenya wa pa Chimbiya, ngakhale ndimamulota, nyama youma ndi yolimba chotero imandivuta mpaka pano.

Lamulo lina limene mudzadabwe nalo ndi lakuti sindimwa madzi ndikudya. Ndimasiya kumwa kutatsala mphindi 30 kuti ndidye, ndipo ndimadikiranso mphindi 30 ndikamaliza. Madzi amalanda malo a chakudya, komanso amachikankhira m'matumbo msanga. Komabe ndimafunika malita 1.5 mpaka 2 pa tsiku, ndiye botolo silichoka m'manja, kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Kugugudiza kapu yonse sikutheka. Fanta, Coca-Cola ndi zonse za mpweya ndinasiyana nazo. Thobwa ndimamwa pang'ono, losathira shuga, pa nthawi yakeyake osati potsitsira nsima.

Amayi ndi azakhali, apa ndipemphe mundimvetse. Ndikudziwa kuti mlendo akasiya chakudya m'mbale, wophika amaona ngati wanyozedwa, kapena kuti akukayikiridwa. Ndikadzabwera n'kudya kachidutswa ka nkhuku imene mwandiphera, n'kusamba m'manja, musadzati ndayamba matama a kunja. Kukakamiza kuti “idyani, mwawonda” kwa ine ndi kundidwalitsa. Mayi wina wa kutchalitchi kuno, Mmalawi mnzathu wa mtima wabwino, sanamve kukana kwanga, anandithirira tiyi wa mkaka wotsekemera uja wa m'chitini n'kundiikira keke. Pasanathe theka la ola thukuta linali kamukamu, mtima ukugunda, mutu ukuzungulira, m'mimba mukupota, kenako kutsegula. Madokotala amati dumping syndrome: zotsekemera zimathamangira m'matumbo zisanagayike, n'kukokera madzi ambiri m'menemo. Pali mtundu wina umene umabwera patadutsa ola limodzi mpaka atatu, pamene thupi latulutsa insulin (homoni yotsitsa shuga m'magazi) yochuluka ndipo shuga wa m'magazi watsika kwambiri, munthu n'kumanjenjemera. Zimagwira kwambiri a bypass, koma ife a sleeve sizitisiya. Mandasi, zitumbuwa ndi Sobo mudzapatse ana.

Tsitsi linayamba kuthothoka cha m'mwezi wachitatu kapena wachinayi. Ankandichenjeza, komabe kuona chipeso chitadzaza m'mawa uliwonse kunandiliza. Ndi chifukwa chake munkandiona ndi duku pa zithunzi zonse. Zimachitika thupi likatsika mofulumira, ndipo limameranso. Langa labwerera, ngakhale malo ena ndi lopyapyala. Ndinasiya kuluka zokoka ndi kuthira mankhwala owongola kufikira litalimba. Khungu la m'mikono, pamimba ndi m'ntchafu latsala lolendewera, ndipo m'mapindimo mumatuluka zidzolo ukapanda kupukuta bwino. Kuzizira ndiye kwandipeza. Ine mwana wa ku Bembeke, amene ndinkapita kusukulu m'chifunga cha mu July ndi juzi imodzi, lero ndimagona ndi masokosi m'chilimwe. Kudzimbidwa kunandivutitsa miyezi yoyamba chifukwa chakudya ndi madzi zinali zochepa. Chilungulira ndi vuto lodziwika la sleeve, ine ndimamwa omeprazole ndipo sindigona nditangodya. Ena amapanga timiyala mu ndulu chifukwa chowonda mofulumira, mpaka kuchitidwa opaleshoni ina. Mnzanga wa ku gulu lathu la odwala zinamuchitikira.

Mapiritsi a shuga anandisiyitsa, ndipo a BP anachepetsa. Mawondo asiya kudandaula, mkonono unatha. Koma musaganize kuti ndasiyana ndi mankhwala. Mavitamini ndi a moyo wonse: piritsi la mavitamini osiyanasiyana tsiku lililonse, calcium ndi vitamini D za mafupa, ayironi wa magazi, ndi jakisoni wa vitamini B12 miyezi itatu iliyonse, chifukwa chifu chochepa sichithandiza mokwanira kuti thupi litenge B12 m'chakudya. Ayironi ndi calcium samwera limodzi, zimalimbana, ndiye ndimasiyanitsa ndi maola awiri. Ukanyozera, zotsatira zake zimabwera mwakachetechete: kuchepa magazi, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, mafupa kufooka. Munthu amene akusanza masiku ambiri motsatizana atha kuperewera vitamini B1, ndipo zimenezi zimawononga ubongo ndi mitsempha m'milungu yochepa. Magazi amandiyeza kawirikawiri zaka ziwiri zoyamba, kenako kamodzi pachaka mpaka kalekale.

Mutu ukandipweteka musadzandigulire Brufen, Indocid, diclofenac kapena aspirin pa okala. Mankhwala a gulu limeneli amatha kuyambitsa zilonda m'chifu chosokedwa. Panado ndiye amaloledwa. Mowa umalowa m'magazi msanga kwambiri, kapu imodzi imagwira ngati zingapo, ndipo pali anthu amene atalephera kudzitonthoza ndi chakudya anagwera m'botolo. Kwa amayi anzanga, amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 musanatenge pakati, chifukwa thupi likutsika mwana sangapeze zokwanira. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amene ankavutika kutenga pakati chifukwa cha kunenepa amatenga mosavuta akawonda, ndiye za kulera zimafunika kukambirana ndi adokotala opaleshoni isanachitike. Kwa a bypass mapiritsi olera sadalirika mokwanira.

Chimene mapepala a kuchipatala sanandikonzekeretse bwino ndi chisoni. Kuno kutali, chakudya ndiye chinali kwathu kwanga. Ndikasowa amayi ndinkaphika nsima ndi nyemba n'kudya mpaka mtima kukhala pansi. Opaleshoni inachotsa njira imeneyo tsiku limodzi, koma kusowa kwathu sikunachoke. Pa maphwando a Amalawi anzanga amakhala akudya ola lathunthu, ine ndamaliza kalekale, manja ali pamwendo. Zinanditengera nthawi kuphunzira kuimba foni kapena kutuluka kukayenda m'malo motsegula firiji. Njalanso imabwerera pakapita chaka kapena kuposerapo, chifu chimatambasuka pang'ono, ndipo zinthu zonenepetsa monga chokoleti, mabisiketi oviika mu tiyi ndi ayisikilimu zimatsetsereka bwinobwino pamene nkhuku ikukana. Anthu ena amanenepanso ndithu. Ine ndi pamene ndili panopa, kulimbana ndi tiyi wa usiku kuntchito.

Alamu anga a ku Johannesburg ndi ena awiri atatu mwandifunsa kuseri kuti mungachite bwanji. Kuno anthu ambiri otopa ndi kudikira amakwera ndege kupita ku Turkey kumene mtengo ndi wotsika, ndipo boma la Britain lakhala likuchenjeza nzika zake chifukwa ena amwalira atachitidwa maopaleshoni kumeneko. Ena amabwerako bwino, koma amafika kunyumba opanda wowatsatira, opanda wowayeza magazi, opanda wowauza chochita akayamba kusanza. Musanafunse mtengo wa opaleshoni, funsani kuti adzakuonani ndani pakatha mwezi, pakatha chaka, pakatha zaka zisanu. Ngati maganizo anu ndi obwerera kukakhala ku Linthipe kapena ku Lizulu, werengeranitu ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre kokayezetsa magazi, ndi ndalama ya mavitamini ndi jakisoni wa B12 chaka ndi chaka. Ndipo kalata ya dokotala yofotokoza mtundu wa opaleshoni imene munachitidwa muziyenda nayo m'buku lanu la kuchipatala, kuti amene adzakuoneni pa chipatala chaching'ono adziwe msanga kuti m'mimba mwanu simuli monga mwa anthu ena.