Matayala a go-kart patatha miyezi 9: seti yosunga inakalamba isanayende

Mu Malichi ndinalemba kuti ndagulira mwana wanga wamwamuna, wa zaka 16, go-kart (kagalimoto kakang'ono ka mpikisano) yogwirapo kale ntchito ya injini ya Rotax, ndipo ndinaitanitsa maseti awiri a matayala a Mojo kuchokera ku Johannesburg. Ena munati ndidzakuuzeni mmene ayendera. Tsopano tili mu Disembala, ndiye imvani.

Mojo ndi tayala limene amagwiritsa ntchito pa mipikisano ya Rotax, monga imene imachitika ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria. Ndi timatayala ta rimu ya mainchesi 5, takutsogolo mainchesi 4.5 m'lifupi, takumbuyo 7.1, topanda mizere. Ife timathamangitsa Lamlungu masana pabwalo la phula la mnzanga ku Chirimba, magalimoto a katundu akakhala kuti sakuyenda. Timandandalika matayala akutha a minibasi kuti akhale makona, nthawi timayeza ndi foni.

Za mtengo ndinene mwachidule. Tayala lenilenilo silikhala lodula kwambiri poyerekeza ndi zimene zimabwera pambuyo pake: kupeza ma Rand, kulipira wa basi amene amadutsa nawo ku Beitbridge, Tete mpaka pachipata cha Mwanza, msonkho, kenako kukadikira basiyo kuno theka la tsiku. Chichepetsereni mphamvu ya Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula kunja chimaluma. N'chifukwa chake ndinagula maseti awiri nthawi imodzi. Ndinkadziona ngati wochenjera.

Seti yoyamba yandisangalatsa, sindinganame. Lamlungu loyamba mwana ankalowa pakona osachotsa phazi pamafuta, go-kart ili nganganga pansi. Akaima, ukagwira tayala linkamata m'manja ngati chingamu, timiyala tonse ta pabwalo titakakamira. Pofika ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi kumata kuja kunachepa, nthawi yake inakwera pang'ono, koma kuyambira pamenepo yakhala pomwepo kwa miyezi. Mphira yamtunduwu ikatentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira, imauma pang'onopang'ono. Timabowo timene anaboola pamwamba pa tayala posonyeza kutha tikuonekabe mpaka lero, kutanthauza kuti mphira ilipo. Chimene chatha ndi kufewa. Kwa wophunzira zilibe kanthu, mwinanso ndi bwino, chifukwa akuphunzira kugwira chiwongolero tayala likamaterereka.

Mpweya ndiwo unativuta poyamba. Wopopa matayala wa pamsewu analithira ngati la galimoto, kupitirira ma bar awiri (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya m'tayala), go-kart n'kumadumpha ngati mpira. Timatayala iti timafuna mpweya wochepa, pafupifupi bar imodzi kapena kucheperako, ndipo umakwera wokha tayala likatentha. Ndinagula geji yangayanga yoyezera mpweya. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, timawonjezera pang'ono kuti litenthe msanga, ndipo mu Okutobala timachepetsa.

Nkhani yeniyeni ndi seti yachiwiri. Ndinaiika pashelefu m'galaja yathu ya malata opanda siling'i, pafupi ndi windo, pansi pake pali jenereta ndi chigubu cha petulo. Pepala la pulasitiki lokutira ndinang'amba tsiku lomwelo pofuna kuona ngati anatumiza saizi yoyenera, osalibwezeranso. Anakhala pamenepo Seputembala yense ndi Okutobala, nthawi imene m'galajamo masana simulowedwa. Magetsi akathima, jenereta inkalira pansi pawo pomwepo.

Kumayambiriro kwa Novembala ndinawatengera kwa mkulu wina wa ku Ndirande amene amatiikira matayala pa rimu. Anatenga limodzi, n'kukanikiza chikhadabo cha chala chachikulu pamwamba pake. Sichinasiye chizindikiro. Anatenga lakale lija, limene layenda miyezi 8, n'kukanikizanso: chimodzimodzi.

"Achimwene, awa ndi atsopano?" anandifunsa.

Ndinati sanagundepo pansi.

"Ndiye mwawaphika. Dzuwa, kutentha, utsi wa jenereta. Mphira sifuna zimenezo."

Zimene ananenazo ndi zoona. Kuwala kwa dzuwa ndi kutentha zimaumitsa mphira, ndipo mamota a magetsi ndi makina owotcherera amatulutsa mpweya wotchedwa ozone umene umaing'alula. Petulo ndi oyilo nazo zimaiwononga. Ine zonsezi ndinaziunjika pamalo amodzi. Titawayesa ku Chirimba, nthawi ya mwana inangofanana ndi ya matayala akale aja. Kumata kwa Lamlungu loyamba, kumene ndinalipirira ndalama zonse zija, sitinakuone n'komwe. Vuto si la tayala, ndi langa.

Seti yachitatu yafika sabata yatha, tinasonkherana ndi mnzanga kuti mtengo wa basi tigawane. Iyi ndaisiya m'pepala lake, ndaiika m'jumbo lakuda la zinyalala, ndamanga kukamwa, ili pansi pa bedi kuchipinda kwathu kumene simenti imazizira. Amayi akunyumba atawaona posesa anaima ndi tsache m'manja. "Bambo, kodi matayala ayamba kugona m'nyumba? Mawa mubweretsa injini?" Ndinawauza mtengo wake, sanayankhenso.

Go-kart nayonso sitiisiya itaponda pansi sabata yonse. Timaikweza pamatabwa, timachepetsa mpweya, timapukuta fumbi ndi nsalu youma basi, osati petulo. Kodi ndingagulenso Mojo? Inde, koma seti imodzi pa nthawi, ndikatsala pang'ono kuifuna. Maseti awiri ouma aja mwana aziphunzirira mpaka timabowo titafufutika, ndipo ili pansi pa bedi ija tidzaitsegula mvula ikadzaleka mu Epulo.