MuseScore pa ntchito yophunzitsa kwaya: zimene ndaona patapita miyezi

Kuyambira dzinja lapitali ndakhala ndikuphunzitsa kwaya ya achinyamata ya mpingo wathu ku Chilomoni pogwiritsa ntchito MuseScore, pulogalamu yolembera nyimbo pakompyuta, ndipo nthawi yakwana yoti ndinene mmene yatithandizira. Pulogalamuyi ndi yaulere, imagwira pa Windows, macOS ndi Linux, ndipo ine ndili ndi MuseScore 4 imene inatuluka mu Disembala 2022. Kukhala yaulereko si nkhani yaing'ono, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapulogalamu olipira m'madola akhala osafikirika kwa mphunzitsi wamba. Ukaitsitsa kamodzi, umalemba nyimbo popanda intaneti, ndipo magetsi akazima batire ya laputopu imakwanira kumaliza tsamba limene unayamba.

Phindu lake lenileni ndinalipeza pa kugawa mawu. Nyimbo ikalembedwa m'mizere inayi ya soprano, alto, tenor ndi bass, ndimatontholetsa mizere itatu, kutsitsa liwiro, kenako kutulutsa mzere wotsalawo ngati MP3 n'kutumiza pa WhatsApp. Mtsikana wa alto amene amaweruka mochedwa ku Limbe amamvetsera mzere wake m'minibasi, ndipo Loweruka amabwera atausunga kale pamtima. Kale theka la nthawi linkathera pa kuimbira gulu lililonse palokha pamene ena akudikira, koma lero nthawi imeneyo timaigwiritsa ntchito pa kapumidwe, katchulidwe ka mawu ndi kumverana. Kwaya yasintha ndithu, ndipo a alto, amene ankangotsata soprano akasochera, ndiwo asintha kwambiri.

Chimene chimafuna khama ndi sol-fa. Makwaya ambiri a kuno amawerenga d, r, m, njira imene John Curwen anaifalitsa ku England ndipo inafika kuno ndi amishoni, pamene MuseScore inapangidwira manoti a pamizere isanu. Ine ndimalemba zilembo za sol-fa pamanja pansi pa noti iliyonse, m'malo olembamo mawu a nyimbo. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma yabala chipatso chimene ndimachikonda kuposa zonse: achinyamata angapo, poona zilembo ndi manoti pamodzi sabata ndi sabata, ayamba kuwerenga manoti okha popanda wowakakamiza.

Pali malire amene aphunzitsi anzanga ayenera kuwadziwa. Makina amaimba noti ndendende monga yalembedwera, koma satchula mawu a Chichewa, sadziwa mmene woyambitsa nyimbo amakokera mawu gulu lisanavomere, ndiponso salabadira kuwomba m'manja kumene kumayendetsa nyimbo zathu zambiri. Nyimbo za m'buku zimatuluka bwino. Nyimbo zopekedwa kuno ndimayamba ndaziimba ndekha pamaso pa kwaya, ndipo fayilo imabwera pambuyo ngati chokumbutsira basi, chifukwa ana akayamba ndi fayilo amaimba mouma.

Pa nkhani ya ndalama, tsamba loyera la PDF lakhala katundu wogulitsika. Makwaya ena a ku Ndirande ndi ku Bangwe andipemphapo kuti ndiwalembere nyimbo zawo, n'kundilipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Koma fayilo yomweyo ikangolowa m'gulu limodzi la WhatsApp imafalikira ponseponse, nthawi zina dzina la wopeka litachotsedwa. N'chifukwa chake pamwamba pa tsamba lililonse ndimalemba dzina la wopeka ndi la wokonza, ndipo sindilemba nyimbo ya munthu wina popanda chilolezo chake. Achinyamata amene ayamba kupeka ndimawafotokozera za lamulo la umwini wa zopekapeka la 2016, ndi kuwalimbikitsa kukalembetsa ntchito zawo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zopekapeka, popeza luso lolemba nyimbo pakompyuta silidzawadyetsa ngati sadziwa kuteteza dzina lawo.

Kwa wotsogolera kwaya amene ali ndi laputopu, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, ndikumulangiza ayambe ndi nyimbo imodzi ya m'buku imene kwaya yake imaidziwa bwino, kuti khutu lake lizimuuza msanga pamene noti yalembedwa molakwika.