Nissan March yanga patatha zaka 6, komanso za mdala wa masipeya uja

Ndakhala chete nthawi yaitali koma lero ndilembe basi, chifukwa nkhani yoti "March anasiya kupanga" yasanduka khasu lolimira m'matumba mwathu ife eni tigalimototi.

Yanga ndi March ya 2008, yozungulira ija ya magetsi okwera pamwamba ngati maso a chule, anyamata amati K12, injini 1.2, automatic. Ndinaitanitsa ku Japan kudzera kwa ejenti, inatsikira ku Dar nkulowera pa Songwe monga zonse zimachitira, duty yake mukuidziwa kale sindibwereza. Zaka 6 ndikuyenda nayo Area 25 kupita mtauni tsiku ndi tsiku, chomwe ndasintha ndi matayala, batire kawiri, mabuleki ndi ma shock akutsogolo. Pansi ndiyotsika, pa hump iliyonse mukakhala anthu anayi imakhula mimba, ndipo kumbuyo munthu wamtali mawondo amagunda mpando. Koma nthawi ya mizere ya mafuta ija, anzanga a magalimoto akuluakulu akugona pa filling station kawiri pa sabata, ine ndikathira kamodzi ndimaiwalako.

Nde mwezi wathawu inayamba kutsokomola mmawa, kunjenjemera pa robot, check engine yayaka. Makanika wanga anati koyilo imodzi, kachipangizo kopereka moto ku pulagi, yatopa, pitani mukagule. Ndinapita pa shopu ina mtauni muno yomwe ndakhala ndikugula zinthu kuyambira kale, mwini wake mdala wina wa magalasi amene amandidziwa bwinobwino mpaka amanditchula kuti "a March". Ndafunsa koyilo, akuti K85,000. Ndinaseka ndimayesa nthabwala. Iwo nkhope gwa, akuti bwana simunamve? Nissan anatseka March, masipeya ake akutha padziko lonse, mukachedwa mwezi wamawa simuipezanso olo mutapita ku Dubai. Anyamata awiri omwe anali pamenepo nawonso kuvomereza, wina mpaka akuti gulitsani msanga galimotoyo isanasanduke khola la nkhuku.

Tsono apa ndipomwe pamandipsetsa mtima, chifukwa nkhaniyo ndi yoona theka lokha. Inde ku Japan March anasiya kugulitsa mu 2022, patatha zaka 40 chiyambire 1982, ndipo anthu okonda magalimoto anadandaula ndithu, ine ndemwe zinandikhudza. Koma imene anasiya 2022 ija ndi K13, ya masilinda atatu, yomwe ankapangira ku Thailand kuyambira 2010. Yangayi mtundu wake ku Japan unatha kalekale mu 2010 momwemo, ndikuigula nkuti atasiya kale, ndipo zaka zonsezi mdala yemweyu wakhala akundigulitsa zinthu zake osanenapo kuti zikutha. Komanso tinene zoona, ndani kuno amagula sipeya yatsopano ya mu bokosi la Nissan? Tonse timadalira zophwasula ku magalimoto akale, ndipo injini ya March yangayi ndi banja limodzi ndi ya Cube yakale ija ya 1.4, zadzadza mmagalaja. Ndinawauza zonsezi, iwo akuti a March mumadziwa zambiri koma koyilo ili ndi ine. Ndinali pa changu chifukwa usiku wa dzulo lake tinali titalandira uthenga wa maliro a malume ku Ntcheu, ndinalipira, risiti anandilembera pa kapepala kong'amba mu kope.

Makanika anaika madzulo, inalira bwino pa galaja, ndinati basi zatheka. Mmamawa 4 koloko tanyamuka, ine, mayi, azakhali awiri, thumba la ufa, kabichi ndi nkhuni pang'ono kumbuyo, galimoto yakhala pansi ngati bakha. Nathenje tadutsa bwino, Kamphata bwino, titangowoloka Linthipe kuyamba chitunda chopita ku Dedza ija inayambanso, koma ulendo uno moipa kuposa poyamba, chiwongolero chikugwedera, ndikaponda mafuta ikungolira osapita, ma truck amene ndimawapitirira masiku onse akundiimbira hutala kumbuyo. Azakhali ayamba kupemphera mokweza, mayi akuti mwanawe tikapeza ataika kale mchimwene wanga. Mawu amenewo ndi amene sindidzamukhululukira mdala uja, mpaka pano ndikawakumbuka mtima umawawa.

Koma kagalimotoka abale. Kanakwera chitunda chonse chija pa masilinda atatu mwa anayi ake, pang'onopang'ono 30, 40, osazima olo kamodzi, osatentha, mpaka pa Dedza. Pamenepo tinapeza mnyamata wina wa pansi pa mtengo akungotsegula kumene bokosi la zitsulo, anasinthanitsa makoyilo mmodzimmodzi nkupeza kuti yakufa ndi yomwe ndagula dzulo lakelo. Anaitembenuza nkundionetsa mng'alu mmbali, atamata ndi guluu wakuda nkupukuta bwinobwino kuti iwale. Analibe ina, nde anangozula waya wa injector ya silinda imeneyo kuti petulo asamangothirika osapsa, akuti biggie yendani choncho mukafika, musaithamangitse. Anandilipiritsa K3,000 yokha. Lizulu tinadutsa ngati ngolo koma tinafika mwambo usanayambe, mayi anaona nkhope ya mchimwene wawo.

Lolemba ndinabwerera ku shopu kuja koyilo ili mmanja. Mdala kungoiyang'ana akuti zamagetsi sitibweza, nkundilozera kakatoni kolembedwa ndi marker kamene ndikulumbira tsiku logula lija panalibe. Akuti mwina makanika wanu ndiye anaiwotcha. Guluu uja nayenso anamata makanika wanga? Ndinakweza mawu, sindibisa, anthu anadzadza pakhomo, ndipo wina pagulupo anati nayenso anamuuza zomwezo za Vitz, kuti Toyota anasiya kupanga, chonsecho ku Japan anangosintha dzina mu 2020 kukhala Yaris. Ndiye kuti nyimbo ndi imodzi, amangosintha dzina la galimoto kutengera wabwera ndani. Ndinachoka osapatsidwa kanthu.

Apa ndinene chilungamo pang'ono poti sindikufuna kunamizira shopu yonse. Lachitatu anandiimbira mtsikana amene amakhala pa kauntala, ndikuganiza ndi mwana wawo, akuti achimwene bwerani ndi galimoto. Ndinapita monyinyirika. Anatulutsa makoyilo atatu, anaitana mnyamata kuti aziika mmodzimmodzi ine ndikuona injini ikulira, tinasankha yabwino, sanandilipiritsenso ndipo anandibwezera K20,000 akuti mtengo unalakwika. Anapepesanso za malirowo, zomwe bambo akewo sanachite, iwo anali pakona akuwerenga nyuzi ngati sakundiona. Pano patha masabata atatu koyiloyo ikugwira bwino, ndapita nayo ku Salima nkubwera osatsokomola. Nde ngati mukupita pa shopu imeneyo, omwe mukuidziwa mwaidziwa, pitani nthawi imene pali mtsikanayo ndipo chamagetsi chilichonse ayesere pa galimoto panu pomwepo musanapereke ndalama. Shopu ndikuipatsa nyenyezi ziwiri, zonse ziwiri ndi za mtsikanayo.

Galimotoyo payokha ndikuipatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha kukhula pansi kuja ndi buti yake yoti thumba limodzi la chimanga ladzadza kale. Za kutha kwa March ine chimandimvetsa chisoni nchoti kutsogoloku ku Japan tizidzaitanitsa chani ife a ndalama zochepa, poti tigalimoto ting'onoting'ono tosavuta kukonza tikutha kamodzikamodzi, Passo nayo anasiya mu 2023, ku Ulaya dzina la Micra, lomwe ndi dzina la March kumeneko, alibweza koma pa galimoto yamagetsi, ndi magetsi athu othimathimawa kaya tidzaitchaja ndi chani. Mnyamata uja amati ndigulitse isanasanduke khola la nkhuku ndinakumana naye dzana pa car wash, akundifunsa ngati ndingamusiyire pa 4 mita. Ndamuuza kuti nkhuku zake akamangire kwina, ine mwezi wamawa ndikusintha ma shock akumbuyo.