Ndemanga: Galimoto ya hayala ndi dalaivala wake, Blantyre mpaka Bangula

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5, ndipo zambiri mwa izo ndi za adalaivala. Tinachita hayala galimoto ya 4x4 mu Okutobala kuti ana athu, omwe anakulira m'tauni, akaone Chigwa cha Shire ndi maso awo. Tinanena poyambirira kuti sitikuthamangira maliro kapena ukwati, tikufuna kuona dziko, ndipo bambo amene anatiyendetsawo anamvetsa.

Potsika mapiri a ku Chikwawa pa msewu wa M1 anayenda pang'onopang'ono ndi giya yaying'ono, osadalira mabuleki okha. Pamalo ena otakasuka anaimika okha tisanawapemphe. "Tatsikani mayi, anawa aone kumene tikupita," anatero. Pansi pathu chigwa chonse chinali yalaa, Shire akunyezimira mokhotakhota, ndipo kutali kunkaoneka kubiriwira kwa minda ya nzimbe pakati pa dziko louma. Mukakwera minibasi malo amenewa mumangowadutsa mutagwira mtima, maso ali pa makona.

Titadutsa pa Thabwa tinaoloka mlatho wa Kamuzu mwapang'onopang'ono. Anatilozera madimba a m'mbali mwa mtsinje, chimanga chili chobiriwira m'chilimwe chenicheni, mbatata ndi nyemba m'mphepete, n'kufotokoza kuti madzi akaphwa anthu amabzala pa chinyontho ndi dothi lomwe mtsinje wasiya. Mtsinje wa Mwanza tinaupeza uli mchenga wokhawokha. Ana sanakhulupirire kuti ndi womwewo umene umasefukira n'kulowa m'midzi, mpaka adalaivala atawakumbutsa za namondwe Ana wa mu 2022 ndi Freddy wa mu 2023. Zimenezi anazikamba mosakometsera, monga munthu amene ali ndi abale kumeneko, ndipo zinandikhudza.

Pa Nchalo nzimbe za Illovo zimatalika ulendo ndithu. Mukangozipitirira dziko limasintha: malambe, migwalangwa, mapesi a mapira, ng'ombe ndi mbuzi zili mbwee cha ku Ngabu.

Chimene sindidzaiwala ndi dambo la Elephant Marsh. Tisanafike pa Bangula tinakhotera msewu wafumbi mpaka pa dooko, ndipo adalaivala analankhula Chisena ndi asodzi, n'kutipezera bwato pa mtengo wabwino. Dambo limeneli ndi lomwe David Livingstone anapezamo njovu zambirimbiri mu 1859. Lero njovuzo kulibe, koma mu 2017 linaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar. M'bwatomo mumadutsa m'tinjira ta pakati pa mabango ndi gumbwa, namasupuni akukwecha m'mbali, akakowa ali yeee, nkhwazi ikulira pamwamba. Mpalasi anazula nyika, muzu wa duwa la m'madzi, m'matope n'kupatsa mwana wanga wamkazi kuti aigwire, yakuda ngati kambatata kopserera, n'kumuuza kuti chaka cha njala anthu amadya zimenezo. Mwanayo anaigwira ulendo wonse.

Tsopano zomwe zandichotsetsa nyenyezi imodzi. Choyamba, magalasi akumbuyo ndi akuda kwambiri. Pa ulendo woona malo chimenecho ndi chilema, chifukwa ana ankayenera kutsitsa magalasi nthawi zonse, fumbi n'kumalowa. Chachiwiri, choziziritsa mpweya chinkalephera masana. Kutentha kwa ku Chikwawa mu Okutobala si kwamasewera, kumatha kupitirira madigiri 40, choncho kampani yotumiza galimoto kumeneko iyenera kuyamba yaona zimenezi. Chachitatu ndi chomwe chinandiwawa: pobweza galimoto anatiuza kuti tiwonjezere ndalama chifukwa tinayenda msewu wafumbi, chonsecho pa foni sanatchulepo. Tinalipira, koma si chilungamo.

Kupatula apo galimoto inali yaukhondo, matayala abwino, la sipeya lilipo, ndipo anafika pakhomo nthawi yomwe tinapangana.

Mukafuna kuchita hayala pa ulendo ngati umenewu, pemphani dalaivala wodziwa ku Lower Shire, funsani galimoto ya magalasi oyera, ndipo za msewu wafumbi mulemberane musananyamuke. Tengani madzi akumwa ambiri, munyamuke m'mamawa kuti mukafike ku dambo dzuwa lisanakwere. Ife tikufuna kudzapitanso mvula ikangotha, koma ulendo umenewo tidzakhotera pa Thabwa n'kuyenda msewu wa East Bank, wa tsidya la kum'mawa kwa Shire.