Mbuna kapena goldfish: muwete ziti m'nyumba?

Mbuna ndi nsomba za m'miyala ya Nyanja ya Malawi, zambiri zabuluu kapena zachikasu. Goldfish ndi nsomba zoweta zooneka ngati golide; zinachokera ku China ndipo ndi zotchipa pogula.

Madzi: mbuna zimafuna ofunda, madigiri 24 mpaka 28, choncho m'nyengo yozizira pamafunika hita yotenthetsera madzi. Goldfish zimakhala bwinobwino m'madzi ozizira.

Thanki: mbuna zimafuna malita osachepera 200 ndi miyala yambiri yobisalamo. Goldfish musazipanikize m'kabeseni. Zimakula, komanso zimadetsa madzi msanga. Sefa yoyeretsera madzi ndi yofunika kwa mbuna ndi goldfish zomwe.

Khalidwe: apa m'pamene pagona nkhani. Mbuna n'zandewu. Yaimuna ikasankha mwala wake imathamangitsa inzake iliyonse yoyandikira, mwina mpaka kuipha. Koma kuona yaikazi itasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya, n'kosangalatsa zedi. Goldfish n'zofatsa, zimangoganiza za chakudya.

Moyo: goldfish yosamalidwa bwino imapitirira zaka 10.

Banja la ana aang'ono, kapena lokhala kumene magetsi amazimazima, liyambe ndi goldfish. Mbuna ziyenera munthu wamalo okwanira amene anawetapo kale nsomba. Ngati pakhomo pali mphaka, thanki ikhale yovindikira.