Ka GPS ka pa windisikirini, kakugwirabe ntchito muno mu Joni?

Anthu angapo pagulu lathu la madalaivala akhala akufunsa ngati kugula GPS ya mgalimoto kuli ndi phindu masiku ano poti aliyense ali ndi foni, ndiye ndati ndilembe za yanga yomwe ndinagula pa shopu ina ya katundu wogwiritsidwa kale ntchito ku Mayfair. Ndi zija zokhala ndi ka raba komata pa galasi, sikirini yake yaikulu ngati chikhatho, waya wake umalowa pa laita. Mtengo sunali woboola mthumba, ndipo mwini shopu amaoneka kuti akufuna ingochoka basi.

Ndiyambe ndi zabwino. Kamakina aka sikafuna data olo pang'ono, mapu ali mkati momwemo ndipo siginolo ya masetilaiti ndi yaulele, GPS ija ndi ya boma la America koma aliyense amaigwiritsa ntchito osalipira. Kwa ife onyamula katundu kupita kumudzi izi ndi nkhani yaikulu, chifukwa ukangodutsa Musina nkulowa Beitbridge simu ya kuno imayamba kudya ndalama za roaming, ndiye Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Zobue ambiri timangozimitsa data. Komwe konseko kanga kamangolankhula bwinobwino, kamakuuza makilomita otsala komanso sipidi yomwe ukuthamanga, zothandiza heve pamsewu wa Zimbabwe pomwe apolisi samachedwa kuimika. China, sikatentha nkuzima ngati foni ikakhala padzuwa la ku Tete, komanso kasitomala akaimba kufunsa za firiji yake mapu sasowa pa sikirini.

Koma mtauni muno abale, mmm. Mapu ake ndi akale ndipo Joni sachedwa kusintha. Msewu wa William Nicol anausintha dzina mu 2023 kukhala Winnie Mandela Drive, ukalemba dzina latsopanolo kamangokuyang'ana, palibe chomwe kakupeza. Makompleksi atsopano aku Midrand ndi Fourways ambiri mulibemo, pa sikirini umaoneka ngati ukuyenda mtchire pomwe uli pa geti ya munthu. Choipitsitsa ndi chakuti sikadziwa zomwe zikuchitika pamsewu nthawi imeneyo. Thiraki igwe pa mphambano ya misewu ikuluikulu ya Gillooly's, magetsi azime maloboti onse afe, M1 ithinane kuyambira Braamfontein, iko kamangoti pitirira kutsogolo ngati kondakitala woti wadzaza kale. Foni imakuonetsa mzere wofiira nkukupatsa njira ina pompo, chifukwa ikuwerenga mafoni a anthu ena onse omwe aima pa jamu yomweyo.

Ndipo izi sizachilendo ayi, anthu oika ndalama mmakampani anaziona kalekale ife tisanaganize nkomwe. Cha mma 2007 bizinesi imeneyi inali yotentha, Nokia inalengeza zogula kampani yopanga mapu ya Navteq pa madola 8.1 biliyoni, TomTom ya ku Amsterdam inalimbana ndi Garmin, onse opanga timakina ta GPS iti, kulanda kampani ina ya mapu ya Tele Atlas mpaka inaigula mu 2008 pa mayuro 2.9 biliyoni, ndalama zambiri zinali zangongole. Kenako mu Okutobala 2009 Google inangoti mafoni a Android azikulondolera njira ndi mawu, mwaulele. Tsiku lomwelo masheya a TomTom anagwa pafupifupi 20 peresenti, a Garmin nawo anatsika koopsa. Mantha a eni masheya anali osavuta kumva, ndani angagule bokosi la ndalama zambiri pomwe chinthu chomwecho chikubwera ndi foni yomwe ali nayo kale mthumba? Nokia nayo inapanga zaulele chakumayambiriro kwa 2010, Google inadzagulanso app yolondolera njira ya Waze mu 2013, ndipo mapu a Nokia aja anathera mmanja mwa Audi, BMW ndi Daimler mu 2015 pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi womwe anagulira. Garmin inapulumukira ku mawotchi a othamanga ndi zida za mundege ndi mmaboti, TomTom pano imadalira kugulitsa mapu ndi uthenga wa thirafiki kwa opanga magalimoto ndi makampani ena. Nchifukwa chake timabokosi iti tadzadza mmashopu a second hand, ndipo tambiri mwa takaleti sungapezenso poika mapu atsopano.

Kunena mwachilungamo foni nayo imalola kudawunilodi mapu pa wifi nkumayenda opanda data, ndipo mafoni ambiri apano amagwira masetilaiti a Galileo aku Ulaya, GLONASS aku Russia ndi BeiDou aku China kuphatikiza pa GPS, pomwe kanga kamadziwa GPS yokha. Pakati pa nyumba zazitali za mu CBD cha ku Park Station kamatenga nthawi kuti kadziwe pomwe uli, nthawi zina kamakuika msewu wina wapafupi.

Chenjezo limodzi kwa amene agule, musakasiye pa galasi mukaimika galimoto, ndipo pukutani ka chizindikiro kozungulira komwe raba imasiya chifukwa anyamata ophwanya magalasi akakaona amadziwa kuti mu dashibodi muli kanthu. Galasi lokha kukonzetsa ndi ndalama zoposa GPS yomweyo.

Ndiye ngati ntchito yanu ndi Uber, Bolt kapena madelivari a mtauni, musataye ndalama, gulani chogwirira foni cholimba ndi chaja yabwino. Ngati mumayenda ulendo wa Joni mpaka Mwanza kapena Dedza, katengeni koma muyatse muli mu shopu momwemo, muone ngati muli mapu a Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi osati South Africa yokha, muonenso chaka cha mapuwo mu settings musanapereke ndalama. Pa nyenyezi zisanu ndikupatsa zitatu.